Chizungulire cha m'khutu: njira zoyezera zilipo zambiri, koma yoyenera inu ndi iti?

Azakhali anga anatha miyezi inayi akugona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa choopa mphasa yawo yomwe. Akangoti agone chagada kapena atembenukire kumanja, denga linkayamba kuzungulira, mseru n'kukwera, iwo n'kugwira chilichonse chimene dzanja lapeza. Mphindi isanathe zonse zinkaleka. Masana ankalima ndi kuphika bwinobwino, kupatula akakweza mutu kuti ayanike nsalu pachingwe. Kuchipatala anapitako katatu. Ulendo woyamba anauzidwa kuti ndi BP, wachiwiri anawayeza malungo osawapeza, wachitatu anabwerako ndi timapiritsi timene tinkangowalemetsa zikope. Pa maulendo onsewo panalibe amene anawagoneka pabedi n'kuwayang'ana m'maso. Ulendo wachinayi clinical officer wina anachita zimenezo, ndipo vuto linadziwika pasanathe mphindi 5, popanda makina, popanda magetsi, popanda kutenga magazi.

Miyezi inayi ija imandiwawabe. N'chifukwa chake ndafuna kuyala njira zimene madokotala amayezera mbali ya khutu imene imatigwira kuti tisagwe, ndinene chimene njira iliyonse imaona, chimene singaone, ndi pamene ndalama ya ulendo ingathere pachabe.

Choyamba, ndi chizungulire chanji?

Mawu amodzi omwewa timawasenzetsa katundu wambiri. Wina akati chizungulire akunena chidima chimene chimabwera m'maso akadzuka mofulumira. Wina akunena mutu wopepuka. Wina akunena kudzandira ngati walawa kachasu pamene sanalawe. Wina akunena kuti nyumba yeniyeniyo ikuzungulira. Si zonsezi zimene zimachokera m'khutu. Magazi ochepa, malungo, shuga wotsika, pakati, kusowa madzi m'thupi ndi mtima wogunda mosokonekera zimabweretsa chizungulire khutu lili bwinobwino, ndipo zambiri mwa izi zimayezedwa ngakhale pachipatala chaching'ono. BP iyezedwe kawiri, munthu atagona kenako ataimirira: nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena ya pansi ikatsika ndi 10 mkati mwa mphindi 3 chiimirireni, gwero la chidima chija lapezeka. Mankhwala nawo aziunikidwa. Efavirenz, amene anali m'ma ARV a anthu ambiri tisanasinthire ku dolutegravir, amadziwika ndi chizungulire cha masabata oyamba. Quinine amachititsa makutu kulira ndipo amazunguza mutu. Mankhwala ena a BP ndi a khunyu amachitanso chimodzimodzi.

Zimenezi zikachotsedwa, pamatsala mafunso awiri amene kwa ine amaposa makina aliwonse: chizungulirecho chimatenga nthawi yotalika bwanji, nanga chimayamba mukatani? Cha masekondi chobwera mukatembenuka pogona, cha maola angapo chobwera chokha limodzi ndi khutu lotsekeka, ndi cha masiku chosaleka usana ndi usiku, ndi matenda osiyana, ndipo chilichonse chili ndi njira yake yoyezera. Amene wasankha njira asanafunse mafunso amenewa akuponya mwala mumdima.

Chimene chili mkatimo

Kuseri kwa ng'oma ya khutu, mkati mwa fupa lolimba kwambiri la chigaza, muli mbali ziwiri. Ina, yopindika ngati chigoba cha nkhono, ndi yomvera. Inayo ndi yoyeza kayendedwe ka mutu, ndipo ili ndi tiziwalo 5. Titatu ndi timachubu topindika ngati zogwirira za kapu, todzaza madzi, tina toimirira kena kogona, ndipo timamva mutu ukatembenuka. Aliyense amene anazunguzapo ndowa ya madzi amadziwa kuti ndowa ikayamba kuzungulira madzi amatsalira, ndipo ikaima madzi amapitirira. Timachubuti timagwiritsa ntchito kutsalira komweko. Tiwiri totsalato ndi timatumba, utricle ndi saccule, tokhala ndi timiyala tosaoneka ndi maso ta mtundu wa mwala wa laimu. Timiyalati timalemera, ndiye timauza ubongo kumene kuli pansi, monga levulo imauzira mmisiri womanga.

Makutu awiri, tiziwalo 10. Sungani nambala imeneyi, chifukwa palibe njira imodzi imene imayeza tonse.

Nanga dokotala amaona bwanji zinthu zobisika m'fupa? Amadzera m'maso. Yesani izi: gwirani foni patsogolo panu, pukusani mutu mofulumira uku mukuwerenga. Mawu akuonekabe. Tsopano mutu ukhale chete, mugwedeze foniyo pa liwiro lomwelo. Mawu asokonekera. Kusiyanako ndi ntchito ya khutu, limene limatembenuza maso mosemphana ndi mutu mofulumira kuposa mmene maso okha angathere. Khutu limodzi likafooka kapena likatumiza uthenga wabodza, maso amatsetserekera mbali imodzi pang'onopang'ono kenako n'kubwerera mwadzidzidzi, mobwerezabwereza. Madokotala amati nystagmus. Ine ndizingoti kuvina kwa maso. Pafupifupi njira zonse zimene zikubwerazi zimawerenga kuvina kumeneku.

Bedi ndi manja awiri

Njira imene inapulumutsa azakhali imatchedwa Dix-Hallpike, potengera Margaret Dix ndi Charles Hallpike amene anaifotokoza ku London mu 1952. Wodwala amakhala tsonga pabedi, woyeza amatembenuza mutu wake madigiri 45 mbali imodzi, kenako amamugoneka chagada mofulumira mutu utalendewera pang'ono kumapeto kwa bedi, n'kumuyang'ana m'maso kwa masekondi osachepera 30. Ngati timiyala tija tathothoka m'kathumba kake n'kugwera m'kachubu ka kumbuyo, pamapita masekondi ochepa, kenako chizungulire chimabwera mwamphamvu, maso n'kuvina chokwera ndi chopotoka, ndipo mphindi isanathe zimaleka. Matendawa amatchedwa BPPV, ndipo ndi amene amatsogola pa chizungulire chochokera m'khutu, makamaka kwa anthu achikulire ndi amene anamenyekapo mutu, monga pa ngozi ya kabaza.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti kuyeza ndi kuchiza zimachitikira pabedi lomwelo. Mu 1992 dokotala wa ku Portland ku America, John Epley, anasindikiza njira yotembenuzira mutu ndi thupi pang'onopang'ono mpaka timiyala titabwerera kwawo. Ambiri amapeza bwino pa ulendo umodzi kapena maulendo awiri. Palibe piritsi limene lingabweze timiyalati, ndipo palibe sikani imene ingationetse. Munthu wa BPPV akhoza kulipira ndalama zambiri za sikani ya MRI n'kuuzidwa kuti zonse zili bwino, chizungulire chili pomwepo.

Malire ake nawa. Dix-Hallpike imayankha funso limodzi lokha, la timiyala. Tsiku lina imatha kusaonetsa kanthu ngakhale matenda alipo, ndiye nkhani ya wodwala ikamaloza komweko iyenera kubwerezedwa. Timiyala tikagwera m'kachubu kogona, pamafunika njira ina yofanana nayo, yogoneka munthu chagada n'kutembenuza mutu kumanja kenako kumanzere. Amene ali ndi vuto lalikulu la khosi kapena msana anene asanagonekedwe. Ndipo ndisabise: masekondi amenewo ndi owawa, ena amakuwa, ena amasanza. Koma musatseke maso. Mukatseka, woyeza saona kanthu ndipo mwavutika pachabe.

Njira yachiwiri ya manja ndi yogwedeza mutu mwadzidzidzi, imene Michael Halmagyi ndi Ian Curthoys a ku Sydney anaifotokoza mu 1988. Woyeza amagwira mutu wanu ndi manja awiri, amakuuzani kuti muyang'ane mphuno yake, kenako amatembenuza mutuwo pang'ono koma mofulumira kwambiri, osakuuzani mbali. Khutu labwino limasunga maso pamphunopo. Khutu lofooka limalola maso kupita limodzi ndi mutu, kenako amadumpha kubwerera, ndipo kudumphako kumaoneka.

Apa pali nkhani ya moyo ndi imfa, ndiye ndichedwepo. Munthu amene wagwidwa ndi chizungulire chosaleka kwa maola kapena masiku, akusanza, maso akuvina ngakhale wakhala chete, akhoza kukhala ndi kutupa kwa mtsempha wa khutu, kumene kumavutitsa koma kumatha, kapena sitiroko ya kumbuyo kwa ubongo, imene imapha. Poyamba ziwirizi zimafanana kwambiri. Mu 2009 Jorge Kattah, David Newman-Toker ndi anzawo anasindikiza kafukufuku wa odwala 101 wosonyeza kuti kuyeza zinthu zitatu m'maso, kumene anakutcha HINTS, kunagwira sitiroko bwino kuposa MRI yojambulidwa m'maola 48 oyamba. Zinthu zake ndi kugwedeza mutu kuja, kuona ngati maso akusintha mbali yovinira munthu akayang'ana kumanja ndi kumanzere, ndi kuphimba diso limodzi kenako linzake kuti aone ngati lina lakwera kuposa linzake. Chodabwitsa n'chakuti kwa wodwala woteroyo, kugwedeza mutu kukatuluka bwinobwino ndiye koopsa, chifukwa kukutanthauza kuti khutu lilibe mlandu ndipo vuto liyenera kuti lili mu ubongo.

HINTS imafuna manja ozolowera, ndipo ndi ya munthu amene chizungulire chili pa iye nthawi yomweyo ndi maso ovina. Kwa munthu wa chizungulire chobwera n'kupita imangosokoneza. Kwa ife a pakhomo, chofunika kudziwa n'chakuti chizungulire chikabwera ndi lilime lolemera, kuona zinthu ziwiriziwiri, dzanzi kapena kufooka kwa mbali imodzi, kutsamwa pomeza, mutu wopweteka modzidzimutsa, khutu logontha mwadzidzidzi, kapena kulephera kukhala tsonga popanda womugwira, si nthawi yosankha njira zoyezera. Ndi nthawi yofuna galimoto, ngakhale pakati pa usiku, makamaka ngati munthuyo ndi wachikulire kapena ali ndi BP kapena shuga.

Zilipo njira zina za manja zimene ndingozidutsa. Kuimirira mapazi ali pamodzi maso atatsekedwa, kumene amati Romberg, ndi kuguba pamalo amodzi maso atatsekedwa, zimasonyeza kuti munthu akudzandira koma sizinena chifukwa chake. Munthu amene shuga kapena HIV yamuwononga mitsempha ya kumapazi amalephera Romberg makutu ali abwino.

Madzi m'khutu kapena magalasi a kamera

Tikafika pa makina, mpikisano weniweni uli pakati pa njira yakale ya madzi ndi njira yatsopano ya kamera.

Ya madzi amati caloric, ndipo inayamba ndi dandaulo la wodwala. Robert Bárány ankatsuka makutu a odwala ku Vienna, ndipo ambiri ankachita chizungulire. Wina anamuuza kuti chimabwera madzi akakhala ozizira. Atabweretsa madzi otentha kwambiri, Bárány anaona maso akuvinira mbali ina. Apo anazindikira kuti kutentha ndi kuzizira kumayendetsa madzi a m'kachubu kogona ngati kuti mutu watembenuka. Ntchito imeneyi inamupatsa mphoto ya Nobel ya 1914, ndipo uthenga wake unamupeza ali mkaidi wa nkhondo m'manja mwa asilikali a Russia. Mu 1942 Fitzgerald ndi Hallpike anakhazikitsa muyezo umene ukugwirabe ntchito: madzi a madigiri 30 ndi a madigiri 44, kutanthauza madigiri 7 pansi ndi pamwamba pa kutentha kwa thupi, m'khutu lililonse, wodwala atagona mutu utakwezedwa madigiri 30. Kuthira kumakhala kanayi, ndi kupumira pakati. Masiku ano wodwala amavala chophimba kumaso chokhala ndi kamera yojambula maso mumdima, kompyuta n'kuwerengera liwiro la kuvina kwake. Kuyeza konse kwa mtundu umenewu, kuphatikizapo kutsatira kadontho ka kuwala ndi kugonekedwa mosiyanasiyana, kumatchedwa VNG, ndipo kumatha kutenga ola lathunthu kapena kuposa.

Mphamvu ya caloric ndi yakuti imafunsa khutu lililonse palokha, linzake osalithandiza. Malo ambiri amati khutu lafooka kusiyana kwa awiriwo kukapitirira 20 kapena 25 pa 100 alionse. Kuipa kwake n'kwakuti imabweretsa dala chizungulire chimene munthu wabwera kudzathawa, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri nthawi iliyonse, ndipo ena amasanza. Komanso pa tiziwalo 5 ta khutu imayeza kamodzi kokha, kachubu kogona, ndipo imakayeza ngati kuti mutu ukutembenuka pang'onopang'ono kwambiri, mosiyana ndi mmene timautembenuzira tikamawoloka msewu. Kwathu kuno pali chopinga china chachikulu. Anthu ambiri anakula ndi khutu lotuluka mafinya, ndipo ng'oma ya khutu inabooka. Khutu lotero silithiridwa madzi. Pamafunika makina opopera mpweya wozizira ndi wofunda, ndipo ngakhale pamenepo zotsatira zimavuta kuwerenga. Choncho wina asanathire chilichonse, ayambe waunika m'khutumo ndi kuchotsa phula ngati latseka njira.

Ndiwonjezere pano kuti khutu lotuluka mafinya onunkha likayamba kubweretsa chizungulire, limenelo ndi chenjezo lakuti matenda angakhale akudya fupa. Munthu wotero akufunika dokotala wa makutu mwamsanga, monga a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, osati madontho ena ogula pa famase.

Njira yatsopano ya kamera ija amati vHIT. Ndi kugwedeza mutu kwa Halmagyi ndi Curthoys kuja, koma wodwala atavala magalasi opepuka okhala ndi kamera yothamanga kwambiri ndi kachipangizo koyeza liwiro la mutu. Inayamba kufala cha m'ma 2009. Kompyuta imayerekeza liwiro la maso ndi la mutu. Zikafanana ndendende nambala imakhala 1, ndipo pa timachubu togona ikatsika pansi pa 0.8 amayamba kukayikira khutulo. Kamera imagwiranso kudumpha kwa maso kumene kumachitika mutu ukadali kuyenda, kumene diso la dokotala silingaone. Imatenga mphindi 10 kapena 15, sibweretsa mseru, siopa ng'oma yobooka, imatheka pa ana ndi pa wodwala amene ali pabedi m'wodi, ndipo imafika pa timachubu tonse 6. Chipangizo chake chimalowa m'chikwama limodzi ndi laputopu. Chipatala cha pa boma chitandifunsa choti chiyambire kugula, ndinganene chimenechi.

Ndiye caloric yatha ntchito? Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka akalandira mapepala awiri otsutsana. Njira ziwirizi zimayeza kachubu kamodzi komweko pa liwiro losiyana. Kwa anthu a matenda a Ménière, aja a chizungulire cha maola angapo chobwera ndi khutu lotsekeka, si zachilendo kuti caloric ionetse kufooka pamene vHIT ikuti zili bwino. Kufooka kukakhala kochepa, vHIT imathanso kukuphonya. Imavutanso kwa munthu wa khosi louma, ndipo magalasi akamasuka pang'ono manambala amanama. Nzeru imene malo ambiri amatsata ndi kuyamba ndi vHIT. Ikaonetsa kufooka koonekeratu, wodwala wapulumuka madzi. Ikatuluka bwino koma nkhani yake ikulozabe khutu, caloric itsatire.

Timatumba tija, mpando wozungulira, ndi zina

Caloric ndi vHIT zonse sizikhudza timatumba ta timiyala. Ito timayezedwa ndi njira yotchedwa VEMP, imene James Colebatch ndi Halmagyi anaiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amakuikani zomvera m'makutu zolira mokweza kwambiri, n'kumata timawaya pamnofu wa m'mbali mwa khosi poyeza saccule, kapena pansi pa diso poyeza utricle. Sizipweteka, sizizunguza mutu, kungoti khosi limatopa chifukwa liyenera kukhala lokungika. VEMP imathandiza kwambiri pa matenda osowa amene Lloyd Minor anawafotokoza ku Johns Hopkins mu 1998, pamene fupa lophimba kachubu ka pamwamba limakhala ndi kabowo. Munthu wotero amachita chizungulire akamva phokoso lalikulu kapena akatsokomola, ndipo amamva mawu ake, kugunda kwa mtima wake, ngakhale kuyenda kwa maso ake, zikumveka m'khutu. Kunja kwa funso ngati limenelo, VEMP ndi yongowonjezera. Kwa anthu opitirira zaka 60 yankho lake limatha kusowa popanda matenda, ndipo khutu la pakati likakhala ndi madzi kapena ng'oma yobooka phokoso silifika bwino.

Mpando wozungulira ndi mpando woyendetsedwa ndi kompyuta m'kachipinda kamdima. Ndi wodula, sunyamulika, ndipo umapezeka m'malo ochepa ngakhale m'mayiko olemera. Umayeza makutu awiri pamodzi, ndiye sunena bwino kuti lofooka ndi liti. Ntchito yake yeniyeni ndi ya munthu amene makutu onse awiri afooka, kuti aone mphamvu imene yatsala.

Vuto la makutu onse awiri likutikhudza kuposa mmene timaganizira. Jakisoni wa gentamicin ndi wofala m'zipatala zathu ndipo amapulumutsa miyoyo, ndipo streptomycin anabayidwa kwa anthu ambiri amene TB inawabwerera. Mankhwala awiriwa amatha kuwononga mbali ya khutu yoyeza kayendedwe ka mutu, nthawi zina kumva kuli bwinobwino, makamaka impso zikafooka kapena jakisoni akatenga masiku ambiri. Munthu wotero saona nyumba ikuzungulira. Amadandaula kuti akamayenda zinthu zimadumphadumpha, sangawerenge chikwangwani kapena kuzindikira nkhope mpaka ataima, ndipo mumdima kapena m'mizere ya m'munda amagwa. Pali njira yosalira ndalama yoyambira: awerenge tchati choyezera maso mutu uli chete, kenako awerengenso wina akumupukusa mutu kawiri pa sekondi iliyonse. Akataya mizere itatu kapena kuposa, makutu ndi okayikitsa. vHIT imatsimikiza zimenezi mosavuta, ndipo ambiri safunika mpando uja.

Palinso makina oimapo, pansi pake pogwedezeka, oyeza mmene munthu amadzigwirira. Sanena matenda, amangothandiza a fiziyo kuona ngati masewera olimbitsa thupi akupindula. Chidutswa cha matiresi a siponji yofewa pansi pa mapazi chimapereka chithunzi chofananako.

Kuyeza kumva ndi kujambula

Njira imene anthu amaiderera ndi kuyeza kumva. Amati ndabwera ndi chizungulire, bwanji akundiyeza makutu ngati ndine wogontha? Koma mbali yomvera ndi yoyeza kayendedwe zimamwa madzi amodzi ndipo mitsempha yake imayendera limodzi. Matenda amene Prosper Ménière anawafotokoza ku Paris mu 1861 amabwera ndi chizungulire cha pakati pa mphindi 20 ndi maola 12, khutu lolira ngati nyenje kapena lowomba ngati mtsinje, lodzaza ngati lalowa madzi, ndi kumva kotsika makamaka pa mawu a besi. Chimene chimatsimikiza matendawa ndi nkhani ya wodwala ndi pepala la kuyeza kumva, osati caloric kapena VEMP. Kuyeza kumeneku n'kosapweteka, n'kotsika mtengo poyerekeza ndi zinazi, ndipo kumapezeka kuno, monga ku Queen Elizabeth ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Kwa aliyense wa chizungulire amene khutu limodzi likulira kapena likumva mochepa, ndi pamene ndingayambire.

Za sikani, anthu timazikhulupirira kwambiri chifukwa ndi zodula ndipo zimatulutsa chithunzi. CT imaona bwino fupa ndi magazi otayikira m'mutu, koma imaphonya sitiroko zambiri za kumbuyo kwa ubongo m'maola oyamba, ndiye CT yabwino siyenera kutonthoza munthu amene zizindikiro zake n'zoopsa. MRI imaona ubongo bwino, ndipo ndi imene imafunika pofufuza chotupa cha pa mtsempha wa khutu kwa munthu amene khutu limodzi likugontha pang'onopang'ono. Koma zonse ziwiri zimaonetsa maonekedwe, osati kagwiridwe ka ntchito. Chithunzi cha wailesi sichinena ngati wailesiyo ikulira.

Ndipo alipo matenda amene njira zonsezi zimatuluka bwino. Mutu waching'alang'ala umabweretsa chizungulire cha pakati pa mphindi 5 ndi maola 72, nthawi zina mutu osapweteka n'komwe, munthu akungodana ndi kuwala ndi phokoso. Ndi wofala, makamaka kwa amayi, ndipo umadziwika ndi mafunso basi. Munthu akauzidwa kuti makina sanapeze kanthu asamve ngati akumunena kuti akunamizira.

Tsiku loyezedwa

Ngati mwatumizidwa ku VNG kapena caloric, funsani pasadakhale za mankhwala. Mapiritsi oletsa chizungulire ndi mseru monga Stugeron, Stemetil ndi Phenergan, komanso diazepam ndi mowa, amagonetsa khutu ndipo amabisa zotsatira, choncho kawirikawiri amauza munthu kuti awasiye tsiku limodzi kapena awiri. Ma ARV, mankhwala a BP, a shuga, a mtima ndi a khunyu musasiye pokhapokha dokotala wanena. Idyani pang'ono chabe, musapake zodzoladzola m'zikope chifukwa zimasokoneza kamera, ndipo pitani ndi wokuperekezani. Mapiritsi a chizungulire aja ali ndi vuto linanso: ndi a masiku ochepa oyamba, ndipo akamwedwa kwa masabata amachedwetsa ubongo kuzolowera khutu lofooka.

Musanakwere basi ya ulendo wautali, funsani amene akukutumizaniyo kuti kuyezako kukuyankha funso lanji, ndiponso ngati Dix-Hallpike ndi kugwedeza mutu zachitika kale. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, chifukwa jakisoni wa zaka zapitazo akhoza kukhala yankho. Lembani masiku amene chizungulire chinabwera, nthawi imene chinatenga mutayang'ana wotchi, ndi chimene munkachita. Nthawi ya chizungulire imaoneka yaitali kuposa mmene ilili, ndipo ambiri amene amati ola amapeza kuti kuzungulira kwenikweni kunali kwa masekondi 30, chotsalacho unali mseru ndi mantha. Ngati pakhomo pali foni ya kamera, wina ajambule maso anu pafupi chizungulire chili mkati, nkhope yonse ikuoneka kuti adziwe mmene mutu unagonera. Matenda obwera n'kupita amakonda kubisala tsiku la kuchipatala, ndipo kavidiyo ka masekondi 20 kamatha kuonetsa chimene makina sanapeze.

BPPV imabwerera kwa anthu ambiri, ndipo kwa azakhali inabweranso patatha zaka ziwiri, nthawi yokolola. Ulendo uno sanagone chokhala ngakhale usiku umodzi. M'mawa mwake anapita kuchipatala n'kuuza adokotala kuti chimabwera akatembenukira kumanja, sichitha mphindi, makutu akumva bwinobwino, ndipo anapempha kuti awagoneke pabedi awayang'ane m'maso. Madzulo a tsiku lomwelo anali pakhonde akutonola chimanga.